Kodi Woyesa Miyala Yathu Ayesedwa ndi Yani?

Masiku ano nkhani ya migodi ili pakamwa pa anthu ambiri, m'maofesi a Boma ndi m'zipinda zopumuliramo aphunzitsi momwe. Kale mawu akuti chuma chili m'nthaka tinali kuwamva ngati onena za khasu, fodya ndi mtedza basi. Lero mawu omwewo atsikira pansi ndithu, pa miyala ndi dothi zimene mafakitale a maiko akutali azifuna. Boma lachita mbali yake yaikulu. Mu 2015 linatulutsa zotsatira za Kauniuni, ndege zija zinaunika pansi pa dziko lonse; mu 2023 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano la migodi limene linakhazikitsa bungwe loyang'anira ntchitoyi; ndipo mu October 2025 Boma linaletsa kutumiza kunja miyala yosakonzedwa. Zonsezi n'zoyamikika. Komatu pali kanthu kena kakang'ono kamene sikatchulidwa m'misonkhano, ndipo ife tiganiza kuti malamulo onsewa atsamira pa iko. Kanthuko ndi thumba la sampulo, ndiko kunena dothi kapena mwala wapang'ono umene atenga m'dzenje kuti ukayesedwe ku labotale m'malo mwa phiri lonse.

Tiyambe tamvana za miyala imene tikunena. Sitinena za golide kapena miyala yonyezimira ya m'mphete ayi. Tinena za miyala ndi dothi zimene zigulidwa pa matani kuti zikagwire ntchito m'mafakitale: mwala wa laimu wopangira simenti ndi wothira m'minda, wonga wa ku Balaka ndi ku Kasungu, dothi loyera loumbira mbale la ku Linthipe, mchenga wopangira magalasi wa m'madambo a ku Mchinji, phosphate wa ku Tundulu, graphite wa ku Malingunde, ndiponso rutile wa ku Kasiya. Mtengo wa zinthu zotere suoneka ndi maso. Uli m'kuyera kwake, m'kukula kwa timibulu take, ndi m'kuchepa kwa zosafunika zimene zasakanikirana nazo. Mwala wa laimu wokhala ndi magnesia wambiri ndi wabwino pokonza nthaka ya m'munda, koma wopanga simenti aukana, pakuti miyezo ya ku Ulaya silola magnesia kupitirira magawo 5 pa 100 m'mwala wootchedwa umene aperapo simenti. Mchenga ungathe kuoneka woyera mbee, koma ukakhala ndi chitsulo pang'ono chabe galasi lake lituluka lobiriwira. Graphite wa mamba akuluakulu agulidwa pa mtengo woposa wa fumbi, angakhale onsewo achokere m'dzenje limodzi. Chotero amene anena mtengo wa katunduyu si wokumba, si wogula, koma pepala lochokera ku labotale.

Kuti awerengi athu aone kukula kwa nkhaniyi, titenge chitsanzo cha Kasiya, m'boma la Lilongwe. Mu 2023 kampani ya Sovereign Metals inalengeza kuti pamalopo pali matani a dothi okwana 1.8 biliyoni, ndipo kuti mwa magawo 100 alionse a dothilo, gawo limodzi ndi rutile, ndi gawo limodzi ndi pang'ono ndi graphite. Chaka chomwecho kampani yaikulu ya Rio Tinto inagula magawo 15 pa 100 a masheya a Sovereign. Tsono aphunzitsi a masamu awerengere okha: gawo limodzi pa 100 la matani 1.8 biliyoni ndi matani 18 miliyoni. Ngati woyesa, pa dothi lochuluka chotere, alemba 0.9 pamene panayenera kulembedwa 1.0, ndiye kuti matani 1.8 miliyoni asowa papepala popanda lole ngakhale imodzi kuyenda. Sitinena kuti zotere zinachitika ku Kasiya; tingoonetsa kuti kadontho kamodzi ka inki kalemera motani pa ntchito ya mtundu uwu.

Ulendo wa sampulo ndi wautali, ndipo upita m'manja ambiri. Makina abowola pansi natulutsa dothi, kapena ndodo ya mwala yonga nzimbe. Wina aika m'thumba nalemba nambala. Wina anyamula pa galimoto. Kumalo okonzera, sampulo iumitsidwa mu uvuni, iphwanyidwa, igawidwa pakati, igawidwanso, iperedwa, isefedwa, kufikira pa makilogalamu angapo patsala ufa wa magalamu owerengeka, ndipo ufa umenewo ndiwo ulankhulira matani zikwizikwi. Mayi aliyense adziwa kuti salawa ndiwo asanatakase mphika, chifukwa mchere ukhala pansi. Rutile nayenso ndi wolemera kuposa mchenga wamba, ndipo galimoto ikadumpha m'mabampu a msewu wafumbi iye atsikira pansi pa thumba. Wantchito waulesi akangotapa pamwamba ndi dzanja m'malo mothira thumba lonse m'chogawira, dothi labwino lioneka losauka. Chigayo chosapukutidwa chipatsira sampulo yotsatira zotsala za yoyamba. Kupera graphite mopitirira kuswa mamba ake, ndipo katundu wa mtengo asanduka fumbi asanafike n'komwe pa sikelo. Dothi losauma bwino lilemera ndi madzi. Nambala ziwiri zikasinthana, dzenje lolemera lipatsidwa mbiri ya dzenje louma.

Akatswiri a ntchitoyi avomerezana kuti zolakwa zazikulu zichitika kuno, potenga ndi pogawa, osati m'makina odula a ku labotale. Makinawo ayesa mokhulupirika chimene apatsidwa. Sadziwa kumene chachokera. Ndipo ntchito yotenga, yonyamula ndi yogawa ndiyo imene kawirikawiri iperekedwa kwa makontrakitala.

Ife sititsutsa makontrakitala. Palibe kampani kapena nthambi ya Boma imene ingasunge makina obowolera, zigayo ndi akatswiri a mtundu uliwonse chaka chonse. Koma tiyenera kuyang'ana bwino momwe kontrakitala alipidwira. Wobowola alipidwa pa mita iliyonse imene wabowola. Wokonza alipidwa pa sampulo iliyonse imene yatuluka. Mphindi zimene atha akupukuta chigayo, kapena akudikira kuti dothi liume, ndi mphindi zimene salandirapo kanthu. Munthuyo sayenera kukhala wakuba kuti ntchito iwonongeke. Angofunika kukhala wotopa, Lachisanu madzulo, matumba mazana awiri ali m'mbuyo mwake, ndipo adziwa kuti palibe amene adzabwerezanso kuyesa.

Pali nkhani imodzi imene aliyense wogwira ntchito ya migodi aidziwa, ndipo tiyenera kuifotokoza mofatsa angakhale inali ya golide, chifukwa malamulo ambiri a masampulo a lero anabadwira pamenepo. Kampani ya Bre-X, ya mumzinda wa Calgary ku Canada, inali kufufuza golide pamalo otchedwa Busang, m'nkhalango za chilumba cha Borneo ku Indonesia. Mwezi ndi mwezi inali kulengeza golide wochuluka, kufikira kumayambiriro a 1997 inati pali maaunsi 71 miliyoni. Masheya ake anakwera mpaka kampaniyo inawerengedwa kuti ndi ya madola a ku Canada oposa 6 biliyoni. Labotale imene inali kuyesa masampulowo sinaname. Golide analimodi m'matumba. Koma matumbawo, asanafike ku labotale, anali kuyamba aima panyumba ina yosungiramo katundu, ndipo kumeneko anthu anali kuwatsegula ndi kuthiramo fumbi la golide, lina logula kwa anthu osefa mchenga m'mitsinje. Mwambo wa ntchitoyi ndi wakuti ndodo ya mwala ichekedwa pakati, theka lipita kukayesedwa, theka lisungidwa kuti wina adzathe kubwereza. A Bre-X sanatero. Anali kuphwanya pafupifupi ndodo yonse. Akatswiri a kunja amene anawerengera kuchuluka kwa golideyo anagwiritsa ntchito manambala amene anapatsidwa, ndipo masamu awo anali olondola ndithu, koma anali masamu a bodza.

Chinyengocho chinaululika pamene kampani ya Freeport-McMoRan, imene inafuna kulowa nawo m'ntchitoyo, inabowola mayenje akeake pafupi ndi oyambawo m'mwezi wa March 1997, nisunga masampulo m'manja mwake, ndipo inapeza golide wosanunkha kanthu. M'mwezi womwewo katswiri wa miyala wa Bre-X, Michael de Guzman, anamveka kuti wagwa kuchokera m'helikopita. Mu May kampani ya Strathcona Mineral Services, itafufuza payokha, inatsimikiza kuti masampulo anali kuthiridwa golide. Timibulu take tinali tobulungira monga ta mumtsinje, osati monga ta m'thanthwe. Masheya anasanduka mapepala achabe. Pakati pa otaya ndalama panali thumba la penshoni la aphunzitsi a m'chigawo cha Ontario, limene linataya madola a ku Canada pafupifupi 100 miliyoni. Aphunzitsiwo sanaonepo Busang ndi maso, ndipo ambiri sanadziwe kuti ukalamba wawo unali wotsamira pa thumba la dothi lomangidwa ndi chingwe m'nkhalango ya kutali. Palibe munthu amene anamangidwa chifukwa cha mlanduwo. Mu 2001 dziko la Canada linakhazikitsa lamulo lotchedwa National Instrument 43-101, limene lifuna kuti katswiri wodziwika ndi dzina asainire zolengeza zotere, nafotokoze momwe masampulo anatengedwera, anasungidwira ndi kutsimikizidwira.

Wina adzati imeneyo inali kampani yaing'ono ya anthu osadziwika. Tsono amve iyi. Mu 2020 kampani ya ALS, imodzi mwa makampani akuluakulu oyesa miyala padziko lonse, inalengeza yokha, itachititsa kafukufuku, kuti m'malabotale ake ena a ku Australia pafupifupi theka la masatifiketi a malasha otumizidwa kunja anali atasinthidwa ndi manja popanda chifukwa chomveka, ndipo kuti mchitidwewo unayamba mu 2007. Zaka zoposa khumi, m'dziko la malamulo olimba, m'kampani ya dzina. Tiiyamikire poulula yokha. Koma tionenso kuti dzina lalikulu pamwamba pa satifiketi silikwanira.

Pano pali chinthu chimene tifuna akuluakulu a m'maofesi achisunge m'mutu. Bodza la pa sampulo liyenda njira ziwiri. Pa nthawi yofufuza, pamene kampani ifuna ndalama kwa ogula masheya, chiyeso chake ndi kukweza manambala. Pa nthawi yogulitsa, pamene Boma liwerengera msonkho wake pa mtengo wa katundu wotuluka m'dziko, chiyeso chake ndi kuwatsitsa. Malamulo a misika ya masheya, monga la ku Canada lija ndi la JORC la ku Australia limene linayamba mu 1989, anapangidwa makamaka kuteteza ogula masheya ku bodza loyambalo. Makampani ambiri ofufuza miyala m'dziko muno alembetsedwa m'misika imeneyo, ndipo ayenera kutsata malamulowo, ichi n'chabwino. Koma palibe ofesi ya ku Perth kapena ku Toronto imene idzasowa tulo chifukwa Malawi walandira msonkho wochepa. Bodza lachiwirilo mlonda wake ndife tokha. Ndiponso popeza Boma linaletsa kutumiza miyala yosakonzedwa, funso lakuti katundu uyu wakonzedwa kapena sanakonzedwe lidzayankhidwa ndi chiyani, ngati si pepala lomwelo la ku labotale? Ofisala wa pachipata cha Mwanza kapena cha Dedza sangadziwe ndi maso ngati mchenga wakuda uli m'thumba ndi rutile wa magawo 95 pa 100 kapena ilmenite wa mtengo wotsika.

Njira zotetezera si zachilendo, ndipo aphunzitsi adzazizindikira msanga, pakuti ndi zomwezo za mayeso a Boma. Mphunzitsi salemba, kuyang'anira ndi kuchonga yekha mayeso a ana ake. Mapepala afika omata, woyang'anira achokera kusukulu ina, ndipo wamkulu wa ochonga atenga mapepala ena mwa ochongedwa kale nawachonganso. Palibe mphunzitsi wanzeru amene ayesa zimenezi chipongwe. Chimodzimodzinso pa masampulo. Mwini ntchito aika pakati pa matumba enieni matumba ena amene yankho lake alidziwa kale, opanda chizindikiro chilichonse chowasiyanitsa. Lina ndi ufa woyesedwa kale ndi malabotale ambiri, kuti aone ngati makina anena zoona. Lina ndi mchenga wopanda kanthu, kuti ukabwera ndi rutile adziwe kuti chigayo sichinapukutidwe. Lina ndi mapasa a sampulo ina, olembedwa nambala yosiyana, kuti aone ngati mayankho awiriwo agwirizana. Makampani osamala aika thumba lotere limodzi kapena kuposa pa matumba 20 alionse, natumizanso gawo lina la masampulo ku labotale yachiwiri yosadziwana ndi yoyamba. Chachikulu n'chakuti woika matumba obisikawo asakhale kontrakitala mwini wake. Mayeso amene wolemba adziwa mayankho ake si mayeso.

Ndipo mayankho akabwera, pakhale munthu wowawerenga tsiku lomwelo. Apa ndi pamene ntchito zambiri zigwera. Matumba oyesera aikidwa ndithu, chifukwa pangano linatero, koma zotsatira zake zisungidwa m'kompyuta mpaka kutha kwa chaka, pamene kontrakitala walipidwa kale, wapita, ndipo dothi lotsala latayidwa. Pangano labwino linena poyera kuti thumba loyesera likalephera, gulu lonse la masampulo limene linali nalo libwerezedwa pa ndalama za kontrakitala. Kuti mwini ntchito angathe kulowa m'malo okonzera tsiku lililonse osanena. Kuti thumba lililonse limatidwa ndi chidindo cha nambala, ndipo yense wolandira asainira. Ndiponso kuti gawo lina la malipiro lisungidwa kufikira labotale yachiwiri itavomereza. Amene ayang'anira zogula za Boma adziwa chizolowezi chosankha wotchula mtengo wotsika. Pa njerwa ndi mapepala chizolowezicho chingakhale chabwino. Pa masampulo, wotsika mtengo kawirikawiri ndi amene wachotsa mphindi zija zopukutira chigayo.

Koposa zonse, ife tipempha kuti Boma likhale ndi theka lakelake. Pa dzenje lililonse lalikulu, ndi pa katundu aliyense wotuluka m'dziko, sampulo igawidwe pamaso pa ofisala wa Boma, ndipo gawo limodzi likhale m'manja mwa Boma, lomatidwa ndi lolembedwa m'buku. Sikofunika kuyesa zonse. Boma lilibe ndalama zotero, ndipo palibe dziko limene litero. Kungodziwika kuti theka lilipo, ndi kuti tsiku lina lililonse ofisala angathe kutola matumba khumi mwa chikwi nawatumiza kumene iye wasankha, kusintha kagwiridwe ka ntchito ka anthu onse a m'njira. Alimi a fodya adziwa zimenezi bwino: belo lililonse litha kutsegulidwa pa okushoni, ndipo chifukwa cha icho ambiri saika masamba oola pakati.

Tidziwa mawu amene adzanenedwa motsutsa. Adzati zimenezi zichedwetsa ntchito, ziopseza obweretsa ndalama, ndipo zitsegula khomo lina la ziphuphu, pakuti ofisala wokhala ndi mphamvu yoimitsa lole angathenso kugulitsa mphamvuyo. Mawu awiri oyambawo sitiwalemekeza kwambiri. Kampani yoona ichita kale zonsezi kaamba ka mabanki amene aikongoza ndalama, ndipo kupereka theka la sampulo sikuiwonongera kanthu. Imene iopa kuyesedwa kawiri yatiuza yokha za khalidwe lake. Koma mawu achitatuwo ndi oona, ndipo sitiyenera kuwanyalanyaza. Yankho lake ndi lakuti ofisala nayenso ayesedwe. Wotola matumba asakhale yemweyo wowayesa. Woyesa asadziwe kuti thumba ndi la kampani iti. Ndipo labotale ya Boma ilandire nayonso matumba obisika, nilowe m'mayeso amene malabotale a maiko osiyanasiyana apatsidwa ufa umodzi kuti mayankho awo afananizidwe. Muyezo wa ISO/IEC 17025 ulipo kaamba ka ntchito imeneyi, ndipo bungwe la SADCAS, lokhala ku Gaborone, lipereka chivomerezo chotere ku malabotale a maiko a SADC amene alibe bungwe lawolawo. Pepala la labotale yopanda chivomerezo silidzaima pa mlandu ndi kampani yokhala ndi maloya ku London.

Nthambi ya Geological Survey ku Zomba ndi imodzi mwa nthambi zakale za Boma. Frank Dixey anaitsogolera kuyambira mu 1921, ndipo mu 1924 anapeza bauxite pa phiri la Mulanje. Zaka zana zapita, ndipo zimene iye ndi otsatira ake analemba zigwirabe ntchito, chifukwa analemba bwino malo, nambala ndi tsiku. Anyamata ndi atsikana akuphunzira za miyala ku Zomba, ku Blantyre ndi ku Thyolo, ndipo tidzakhala nawo akatswiri a madigiri. Amene tiopa kuti adzasowa ndi a pansi pawo: wogawa dothi, wosunga buku la matumba, woyang'anira sikelo. Ameneyu aphunzira kusamala kapena kunyozera ali ku sekondale, tsiku limene mphunzitsi wa sayansi amuuza kuti alembe nambala imene sikelo yaonetsa, osati imene ili kumapeto kwa buku.

Kwa akonzi a bajeti tingonena ichi. Makina oyesera miyala ndi okongola, ndipo tsiku lowatsegulira kubwera alendo ndi ojambula. Nyumba yosungiramo masampulo ilibe ulemerero wotere, koma popanda iyo theka la Boma lija lilibe pokhala. Ifunika denga losadontha, mashelefu achitsulo chifukwa chiswe chidya mabokosi a matabwa, zilembo zosafufutika ndi dzuwa kapena chinyezi, loko wa makiyi awiri osungidwa ndi anthu awiri, ndi kalaliki mmodzi wolipidwa mwezi ndi mwezi amene ntchito yake ndi buku lokhalo. Ndalama zake zilembedwe pa mzere wakewake m'bajeti ya unduna, kuti zisadzasamutsidwe pakati pa chaka kukagula mafuta a galimoto.